Sabata Yopumitsa Amake Wezi

Lolemba

Ndayamba! Sukulu tatsekera, ana anga a giredi sikisi ali kwawo, nthawi ilipo. Ku yunivesite, komwe ndikuphunzira za jenda ndili konkuno ku Chama, atiuza kuti tilembe momwe mwamuna ndi mkazi amagawanirana ntchito zapakhomo. Ine sindilemba zongomva. Sabata yonseyi ntchito za mkazi wanga, Amake Wezi, ndi zanga. Iwo apume ngati mlendo.

Zanga manje ndi izi:
kutunga madzi
kuphika
kuchapa
kusesa
kulera Wezi

Ndawauza pa tiyi wam'mawa. Andiyang'ana nthawi yaitali. "Mwalakwa chiyani, Atate ake Wezi? Ingonenani." Sindinalakwe kanthu! Ndawafotokozera zimene buku la ku yunivesite likunena, kuti mkazi amagwira ntchito yosaoneka. Iwo: "Ikaoneka mundiuze."

Mpunga wamasana wapserera pansi, pamwamba ndi wauwisi. Tadya wapakati. Chiyambi chabwino ndithu.

Lachiwiri

Ku mjigo. Amayi ali pamzere, nkhani zili mkati, kuseka kukumveka mpaka kumsewu. Ndangofika ine ndi chidebe, onse zii.

Akufuna ndidutse nditunge msanga. Ndakana, ndati tonse ndife ofanana, ndaima kumbuyo. Palibe wayamikira. Ndaona kuti ankafuna ndichoke kuti apitirize nkhani yawo.

"Amayi adwala, aphunzitsi?" Ayi. "Apita kwawo?" Ayi, ali kunyumba, akupuma. Ayang'anana.

Kusenza chidebe si masewera! Madzi ena atsikira m'khosi, ena m'nsapato. Ofika kunyumba angokwana kutsukira makapu. Khosi likukana kutembenuka.

Amake Wezi sakupuma. Akhala pakhonde manja ali pachifuwa, maso pa ine ngati woyimbira mpira. Ndikasesa, akudikira ndilowe m'nyumba n'kusesanso pomwepo. Ndaona mizere ya tsache lawo.

Lachitatu

Kuchapa. Ndaika zonse m'beseni limodzi kuti sopo asawonongeke. Nzeru za kusukulu!

Zotsatira zake:
malaya anga abuluu ali bwino
chitenje chofiira chili bwino kwambiri
bulauzi yoyera ya Amake Wezi, yovala ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi, yasanduka yapinki

Msonkhano ndi mawa. Ainyamula ndi zala ziwiri, aiyang'ana padzuwa, aibweza m'beseni. Bola akanakalipa.

Ndili pa bulauzi, Wezi wapeza botolo la mafuta odzola. Wadzola mutu, mimba, ndi nkhuku imodzi yomwe inali pafupi. Kumugwira sakugwirika, akupulumuka ngati mlamba.

Madzulo abwera a Goma, oyandikana nafe, oyendetsa galimoto ya kuchipatala. Sanakhale pansi n'komwe. "Aphunzitsi, mukachapa muzichapira kuseri. Kwanga kwayaka moto chifukwa cha inu." Akazi awo awapatsa beseni m'mawa. Ndasangalala mumtima. Kusintha kwayamba!

Lachinayi

Amake Wezi apita ku msonkhano ndi bulauzi yobwereka, yothina m'khwapa. Ine ndaphika nyemba. Sindinadziwe kuti nyemba zimatha makala chonchi.

Abwera nkhope ili gwa. Phunziro la lero akuti linali la mkazi waulesi, ndipo wophunzitsa maso sanawachotse pa iwo. Ku msika nkhani ndi yoti iwo anandidyetsa mchira wa buluzi m'ndiwo, n'chifukwa chake ndapusa. Ine kupusa!

"Inu akukumverani chisoni. Wonyozedwa ndine."

M'buku mulibe za buluzi.

Kenaka aseka okha, mpaka kugwira chitseko. Akuti potuluka amayi awiri awakokera pambali, wina payekha wina payekha, kufunsa kuti buluziyo akhale wamtundu wanji.

Nyemba zapsa dzuwa litalowa. Mchere ndaika kawiri.

Lachisanu

Tsoka! Amama ondibereka afika kuchokera kwathu ku Kambombo pa njinga ya hayala, osatumiza mawu. Nkhani yawapeza kumunda. Andipeza ndikusesa pabwalo, Wezi ali kumbuyo m'chitenje. Aponya thumba la mtedza pansi n'kuyamba kulira ngati pamaliro, m'Chisenga chathu, akuti andimaliza. "Mwana wane, mwana wane, bakumara!" Anthu odutsa aima.

Amake Wezi agwada kuwalonjera. Amama ayang'ana kumbali, moni osayankha. Awiriwa akhala okondana chikwatirane chathu.

Ndathamangira kufotokoza. Ndati Amama, palibe mankhwala apa, zonsezi ndi chifukwa cha jenda. Kulira kwatha pomwepo.

"Jenda? Mwana wa ndani? Wa ku Chipata?"

Ndati ndi za ku yunivesite. Zaipiratu. "Ndiye ukamati ukupita ku mayeso umapita kwa Jenda? Manje ukusesa chifukwa cha manyazi?" Atembenuka, awagwira dzanja apongozi awo, awadzutsa. "Pepa mwana wanga, ndinakuganizira zoipa. Atate ake a mwamuna wakoyu analinso chimodzimodzi."

Amake Wezi akudziwa bwinobwino kuti jenda ndi chiyani. Mabuku amawaona tsiku lililonse. Koma angoweramitsa mutu ngati wozunzika, mapewa akugwedezeka. Sanandithandize ngakhale pang'ono!

Loweruka

Kukhitchini Amama andiletsa. Tsache abisa. Ndawerengera Amama tsamba lonse la buku, ndikumasulira m'Chisenga. Agona pakati pa ndime.

Masana andiitana pansi pa mtengo wa mango, awiri mbali imodzi, ine ndekha pa kampando ka Wezi. Amake Wezi ndiwo ayankhula, ndipo lero sakuseka.

"Sabata yonse mwandichotsera ntchito. Munandifunsa ngati ndiyo ikundilemera?"

Sindinafunse. Ndafunsa manje.

Akufuna kubwereza mayeso a giredi twelofu. Masamu ndi sayansi zinawagwetsa chaka chomwe tinakwatirana, ndipo mtima wa unamwino sunawachoke. Makalasi a akuluakulu amachitika masana ndi Loweruka, kutsidya kwa boma. Afufuza kale zonse, amangosowa poyambira kundiuza.

Zofuna zawo:
njinga yanga
ine ndizikhala ndi Wezi akapita, chaka chonse, osati sabata imodzi
zovala zawo ndisadzazikhudzenso mpaka imfa

Loweruka ndi tsiku langa la mpira ndi aphunzitsi anzanga. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene. Amama andiyang'ana. Ndatseka.

Lamulungu

Kutchalitchi a Goma akhala benchi lina. Abambo ena akundipatsa moni ndi nsonga za zala, ngati ndili ndi chimfine.

Zolemba za ku yunivesite zili ndi mutu wokha, ndi dzina langa. Mawa ndipempha masiku owonjezera.

Amake Wezi atsitsa chishalo cha njinga, azungulira nyumba kangapo, agunda khola la nkhuku, adzuka akuseka. Sindinawaonepo akuseka chonchi chibadwire Wezi. Ndawapezera buku langa lakale la masamu. Ayamba kale kundifunsa zinthu zomwe ndinaiwala.

Basi, zatero. Njinga yapita, mpira wapita, khosi likadali lopindika.

Amama ndawaperekeza pa siteji. Atakwera kale njinga ya hayala andikodola, andinong'oneza: "Mkazi uli naye wabwino. Jenda uyo umuuze asadzaponde pano."

Ndati ndimuuza.