Benchi Lanu Likuyang'ana M'bafa Mwathu

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Tsetserekani,
Eni njira za njinga za m'phiri.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi, chipewa chili m'manja. Ine ndine munthu wamba, wokhoma ndowa ndi mabeseni, ndipo nyumba yanga ndi ija ili kumunsi kwa phiri, pamene nkhalango imathera. Inu simundidziwa, ndipo palibe chifukwa choti mundidziwire. Koma alendo anu amandidziwa bwino kwambiri, ena mpaka chipsera cha kumsana kwanga, chimene ngakhale abale anga enieni sanachionepo. Ndiye ndati ndilembe kalata yothokoza, poti kulandira zabwino n'kungokhala duu ndi mwano.

Choyamba, zikomo chifukwa cha njira. Chibadwire changa, phiri ili takhala tikulikwera ndi miyendo, uku tikudandaula. Sitinkadziwa kuti kunjaku kuli anthu amene angabwere pagalimoto, njinga atazimangirira padenga, kudzavutika dala pamalo pamene ife timavutika mwatsoka. Loweruka ndi Lamlungu nkhalango imakongola zedi: zisoti zamawangamawanga, timakabudula tothina ngati tobwereka kwa ana awo, anthu akuluakulu akukuwa ndi chimwemwe potsetsereka pakati pa mitengo, matope mpaka m'mano. Wina amagwa, n'kudzuka, n'kuyamba wafunsa kaye ngati njinga ili bwino asanaone bondo lake. Ndinene zoona, ine zimandisangalatsa, ndipo nthawi zina ndimasiya ntchito n'kumaonerera. Sindine mdani wa njinga, Bwana.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha benchi. Pakona yaikulu ija, pamene anthu anu amafika mpweya utawathera, munadula mitengo ingapo kuti maso aziona patali. Kenako munaikapo benchi la matabwa opala bwino, ndi chikwangwani chouza mlendo kuti aime, apume, aone zodabwitsa za m'chigwa. Munaikaponso magalasi oonera patali pachitsulo chachitali, akuti ndi oonera mbalame. Amisiri anu ndawavulira chipewa. Ine ntchito yanga ndi yoyeza ndi kulunjika, koma sindikanatha kulunjikitsa benchi pabafa la munthu mwaluso chotero. Ukakhala pakati pake, osatembenuza n'khosi lomwe, maso amakagwera m'beseni mwenimweni.

Bafa lathu, Bwana, lilibe denga, ndipo kale lonse silinkafunika. Ndi mpanda wa malata akale wolekeza m'khosi, pansi pali miyala yosalala, madzi amatsikira ku nthochi. Chimangireni, otiona kuchokera kumwamba anali Mulungu ndi akhwangwala basi, ndipo onsewo sayenda ndi mafoni ojambulira.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha ulemu wa alendo anu. Anthu oleredwa bwino bwanji! Sadutsa osapereka moni. Inenso ndinaleredwa bwino, munthu akandikwezera dzanja ndimabweza. Tsiku lina ndinakweza dzanja limene linali ndi sopo, sopoyo n'kuulukira kunja kwa mpanda, ndipo mlendo wina wachifundo anayamba kundilozera kuchokera paphiri pamene wagwera. Ndinayesa kusamba m'bandakucha, osadziwa kuti muli ndi gulu linanso lokwera kukaona dzuwa likutuluka, lokhala ndi matochi pazisoti. Ndinayesa kudikira kuti achoke, koma anthu anu amadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, moti madzi ndi amene amayamba kuzizira. Masiku ano ndimasamba nditanyonyomala, kabudula ali m'chiuno, chipewa chili kumutu. Koma za ine zilibe kanthu, khungu langa linazolowera dzuwa.

Nkhani ndi mayi a kunyumba kwanga. Mayi amenewa amaimba posamba. Chikwatiranireni, m'mawa uliwonse ine ndikakhala pakhonde ndi nyundo, iwo amayamba nyimbo kuseri kwa mpanda, nyundo yanga n'kumatsatira. Ndowa zanga zonse zabwino ndinazikhoma choncho. Ndiye iwowa ndi amene anakutsegulirani benchi, Loweruka loyamba litangoikidwa, tonse tisanadziwe kanthu. Anaimba nyimbo yawo yapamtima, ija yokwera kumapeto, ndipo tsiku limenelo mawu anatuluka bwino kuposa kale lonse. Atangomaliza, phiri lonse linawomba m'manja. Ena ankaimba mluzu. Mmodzi anakuwa kuti abwerezenso.

Bwana, ine ndinaonapo mvula ya matalala, koma sindinaonepo nkhope ngati imene inatuluka m'bafa tsiku limenelo. Analongedza zovala m'chikwama, anatenga beseni lawo limene ndinawakhomera chaka chimene tinakwatirana, n'kunena kuti iwo anakwatiwa ndi mwamuna mmodzi, osati phiri lonse, ndipo adzabwera tsiku limene benchi lidzaphunzire manyazi. Pano ali kwa akulu awo m'tauni.

Apa ndiye pagona nkhawa yanga. Mlamu wangayo sanandiwerengerepo chiyambire, dzina langa kwa iye ndi Gogodagogoda. Kunyumba kwake bafa lili m'kati, lotseka ndi kiyi, ndipo madzi ofunda amagwa okha kuchokera kumwamba. Munthu akazolowera zimenezo, angakumbukirenso ndowa? Ndikaimba foni, mlamu ndi amene amathamangira kuyankha, n'kundiuza kuti mng'ono wake akunenepa, khungu lasalala, ndisavutike. Ndawasowa mayi, Bwana, sindibisa. M'nyumba muli zii. Nyundo yanga yasowa woitsogolera, ndowa zikutuluka zopindika, ndipo dzana kasitomala anandibwezera ina yodontha, chinthu chimene sichinandichitikirepo.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha malamulo. Mwina mukufunsa kuti bwanji osangofolera bafalo, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinayesa, Bwana. Nditalowa m'nkhalango kuti ndidule timitengo ndi kumweta udzu pang'ono, mlonda wanu anandikumbutsa mwaulemu kuti tsopano mtengo uliwonse ndi wotetezedwa, kupatula ija munadula kuti benchi lizitiona bwino. Ndinabwerera chimanjamanja, n'kulumikiza zidutswa za malata atsopano za pantchito panga. Denga linatuluka lokongola, lowala ngati galasi, koma silinagone masiku. Dzuwa litawomba, kuwalako kunathobwa m'maso bambo wina wamimba yake amene ankatsetsereka pakona, iye n'kusiya njira, kudzera m'tchire, mpaka kudzaima m'kabichi wa mayi. Sanavulale, anadzuka akuseka, n'kundipempha kuti ndimujambule masamba akadali pachisoti.

Madzulo ake kunabwera woyang'anira njira wanu, uja wandevu, kudzandiuza kuti dengalo ndi loopsa kwa alendo, lichoke. Nditati ndilipake penti wakuda, anati liziipitsa zithunzi. Nditati ndisunthe bafa lipite kuseri kwa nyumba, anatambasula mapu n'kundionetsa kuti kumeneko ndi kumene mudutsitse njira yatsopano ya ana. Nditati nanga benchilo osangolitembenuza kuti liziyang'ana kumathithi, anaseka mpaka ndevu kugwedera. Akuti benchi linaikidwa ndi akatswiri, ndipo amene angalamule kuti likhudzidwe ndinu nokha.

Anandikumbutsanso mawu anu okoma amene munalankhula tsiku lotsegulira njira. Inenso ndinalipo, kumbuyo kwenikweni, ndipo ndinawomba nawo m'manja. Munati m'chigwa chino mulibe choti n'kubisa, chilichonse n'chokongola, ndipo ife okhala kumunsi tizinyadira kuti ndife mbali ya zokongolazo. Ine ndi mutu wanga wa lata ndinkaganiza kuti mukunena mitengo ndi mbalame. Pepani, sukulu sindinapite nayo patali.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi laling'ono ngati ine ndemwe. Ndamva kuti Loweruka likubwerali kuli mpikisano waukulu, njinga zichita kudzaza phiri, ndipo kubwera ojambula ndi makamera aatali aja. Ndikukuitanani, Bwana, kuti m'mawa wa tsiku limenelo mudzasambe kwathu. Madzi nditenthetsa ndekha. Ndakukhomerani beseni latsopano, lalikulu, loyenera munthu waudindo, ndipo limeneli lokha latuluka losapindika. Sopo wonunkhira alipo, chinkhupule chatsopano chilipo, thaulo ndachapa kale. Musavutike kunyamula kanthu, ngakhale manyazi muwasiye ku ofesi, poti munanena nokha kuti kuno safunika. Ngati muli ndi kanyimbo, mudzaimbe momasuka, anthu anu amadziwa kuyamikira. Mukadzatuluka n'kuona kuti benchi lili pabwino, ine ndidzatseka pakamwa mpaka kalekale. Mukadzaona mwina, sipanala ndili nayo, ndipo mabawuti a benchilo ndinakawayendera kale.

Chonde, Bwana, musakane, banja langa lili m'manja mwanu. Dzulo mwamwayi foni anayankha ndi mayi eni ake, mlamu atapita kumsika. Nditawafotokozera za pempholi, anaseka koyamba chichokereni, kuseka kuja kotulutsa misozi. Akuti mukangovomera, abwera ndi basi yoyamba, beseni lawo lili m'manja, ndipo ndiwasungire malo pakati pa benchi, pafupi ndi magalasi oonera mbalame aja.

Ine wanu wodzichepetsa, wooneka bwino kuchokera pamwamba,

Wokhoma ndowa wa kumunsi kwa benchi.