Tsiku Limene Ndinavinitsa Milanje ndi Dayinamo

Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone nkhope. Nyimbo zolira m'mafoni mwanuzi, zopanda woimba, zopanda ng'oma, zongoti tswii-tswii, ndinaziyambitsa ndine Bonifasiyo, wokonza mawailesi pamsika wa Milanje, amayi anu asanamere mano.

Apwitikizi atangochoka, mzungu wa kuminda ya tiyi anasiya chiwailesi chakufa. Ndinachitumbula, n'kulumikiza matumbo ake ku dayinamo ya njinga ndi chitini cha palafini, ndipo nditangopalasa kamodzi chinalira kulira kosamvekapo pansi pano, agalu a ku Majaua anayankha, nkhuku zinaikira mazira owiritsa kale, mtsinje wa Ruo unaima kuti umvetsere mpaka anthu a ku Muloza anawoloka pouma atasenza mipando. Mukumva? Pouma!

Mbiri itamufika sekeretariyo, mlembi wa chipani, anabwera ndi asilikali awiri.

"Kamarada, zimenezi ndi nyimbo, kapena mukulankhula ndi adani?"

"Ndi nyimbo za mtsogolo, kamarada."

"Ngati ndi nyimbo, Loweruka anthu avine. Akapanda kuvina, mukalima kukampu yowongola maganizo."

Opita kumeneko sankabwerako msanga. Mkazi wanga Rozina anandimangiratu kamtolo ka zovala, akulira, uku akunditukwana.

Loweruka mvula inali itangokata. Pabwalo la msonkhano panadzaza, singano sikanagwa pansi. Ndinapalasa, anthu anatseka makutu. Ndinapalasa mpaka unyolo unafiira ngati khala, palibe anagwedeza ngakhale phewa, sekeretariyo akuyang'ana wotchi, msilikali wina akumasula kale chingwe. Ndiye waya unaduka n'kugwera m'matope, magetsi anayenderera pansi ponse, ndipo khamu lonse, ansembe, azimayi a ana kumsana, asilikali ndi mfuti zawo, linayamba kudumpha mofanana, nkhalamba ina yopuwala inataya ndodo n'kudumpha mtengo wa mango, ine osasiya kupalasa mpaka nsapato zawo zinatha. Ndikulumbira pali manda a bambo anga!

Sekeretariyo anandigwira chanza, tsitsi lili njo, mano akugundana. "Viva luso la anthu!"

Kuyambira pamenepo malonda anali moto. Ndinajambula makaseti, ndipo sankagona pa benchi. Alimi a ku Mongue ankabwera panjinga, mzere kuchokera pamsika mpaka pachipata cha malire, kusinthanitsa ndi nkhuku, nyemba, wina mbuzi yabere. Oimba magitala anapachika magitala awo n'kuyamba kuwotcha makala. Mukumva inu?

Chabwino, mukuseka chifukwa agogo anu anakuuzani. Inde, palibe amene anamverapo kaseti yanga m'nyumba. Ankakapachika wailesi pamtengo kumunda kaseti yanga ikulira, anyani n'kuthawira kuphiri osabweranso. Koma tanditchulireni woimba wina amene nyimbo zake zinadzazitsa nkhokwe dziko lonse lino. Mutchuleni, ndikudikira!