Tambala wa pa Handulo

Pali nkhani ina imene ana anga amandiletsa kufotokoza pakakhala alendo. Lero achokapo, ndiye muimva yonse ndi manyazi ake omwe. Mukamva achikulire a ku Edmonton, mu London, akunditchula kuti a Bomba, musaganize kuti ndinali msilikali. Dzinali linabwera ndi chikwama cha njinga.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndinkaphunzira pa koleji ina, ndikugona m'kachipinda kam'mwamba ku Woolwich, kwa gogo wina wachizungu amene ankacheza kwambiri ndi mphaka wake kuposa ine. Kusungulumwa kwa mu London musakufunse. Anthu piringupiringu, koma wokulankhula ndi kondakitala wa basi yekha, nayenso akufuna tikiti. Chichewa ndinkachilankhula pometa ndevu, ndi munthu wa pagalasi, ndipo nayenso anayamba kunditopetsa chifukwa sankatsutsa kanthu.

Tsiku lina m'sitima ya pansi ndinamva mayi wina akukalipira kamtsikana kake kuti kachotse miyendo pampando. M'Chichewa chenicheni! Ndinapitirira siteshoni yanga dala, ndikuwapatsa moni ngati ndapeza mayi ondibereka. Anali mayi Masamba, nesi wa pa chipatala cha ku Edmonton. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato, nandifunsa kwathu, kenako anati ndidzabwere Lamlungu akaweruka ku tchalitchi.

Koma anandichenjeza. Amuna awo anachita kuthawa kumudzi pa nkhani za ndale, ndipo mwana wa sukulu aliyense wobwera pa sikolashipu ya boma ankamuona ngati kapirikoni wotumidwa. Ngakhale phukusi la pa positi sankalitsegulira m'nyumba, ankakalitokosa kaye ndi ndodo kuseri. Akakukana tsiku loyamba, basi khomo latsekeka.

Khomo limenelo ndinalifuna ndi mtima wanga wonse. Sindinkafuna zambiri ayi. Nyumba imodzi yokha mu mzinda wonse uja, yoti ndizikhala pansi n'kuseka osayamba ndamasulira nthabwala m'mutu.

Ndinaganiza zopita monga mwana woleredwa bwino. Kwathu ku Ntcheu munthu sapita kwa akuluakulu chimanjamanja, ndipo nkhuku ya mufiriji, yopanda mutu, yosadziwika chomwe inafa nacho, si mphatso. Mphatso imayenera kupuma. Mwayi wake, mdala wina wa ku Cyprus amene ankalima kadimba m'mbali mwa njanji ku Plumstead anali ndi tambala wovuta, wolira ngakhale masana dzuwa lili paliwombo, moti aneba anali atatopa naye. Anandipatsa mosangalala kwambiri, ndipo ine sindinakayikire kanthu.

Vuto linatsala la kanyamulidwe. M'basi sakanandilola. Kanjinga kanga kakale kanalibe kaliyala, ndipo kukoleka nkhuku chozondoka pa handulo ngati ndikupita ku msika wa pa Tsangano, ndinadziwa kuti azungu ndi chikondi chawo cha ziweto andimangitsa. Ndiye Loweruka ndinapita ku shopu ina ya njinga ku Greenwich kukasankha chikwama cha pa handulo.

Mwini shopu anandiyalira zikwama pa kauntala. Kena kanali kakang'ono, ka masangweji ndi mapu. China cha pulasitiki chonyezimira, chimene ndinachikana chifukwa mlendo wanga akanabanika. Ine ndinkangopisa mkono m'kati mpaka m'chigongono, kuyeza. Pamapeto ndinaloza chachikulu kuposa zonse, chakuda bii, cha nsalu yolimba ngati ya tenti. Anandifunsa kuti ndizinyamulamo chiyani, ine ndinati nkhuku. Anagwedeza mutu nati ilowa bwinobwino, bola ndifulumire isanasungunuke. Sindinafune kumusokoneza.

Kenako anatulutsa kachitsulo kopindika, nati chikwamacho chimayenda ndi kameneka. Umakakoleka pa handulo, chikwama n'kumalowa ndi kutuluka ngati dilowa. Ukafika komwe ukupita umangosolola n'kulowa nacho m'nyumba. Anatsindika kuti masiku amenewo, ndi mabomba amene ankaphulika mu mzindawo, chikwama sachisiya chokha panja.

Ndinaseka chamumtima. Ine amene ndinanyamulapo thumba la chimanga, mpando wa ndalema ndi azakhali anga pa njinga imodzi, lero ndiphunzitsidwe kumanga katundu? Ndinakana kachitsulo kaja n'kupempha chubu chakutha. Anandipatsa akundiyang'ana ngati munthu wodwala malungo.

Lamlungu m'mawa ndinagwira ntchito ya luso. Chubu chija ndinachilenga malegeni okongola. Chikwama ndinachiboola ndi msomali wamoto kuti mpweya uzilowa. Luzi ku London kulibe, ndiye miyendo ya tambala ndinaimanga ndi waya wofiira wa nyale yakufa ya gogo uja, nsonga yake n'kutulukira pa bowo limodzi. Kenako ndinakulunga chikwama ku handulo, kukoka, kukulunga, kukokanso, mfundo pamwamba pa mfundo. Ndinabwerera m'mbuyo n'kudziyamikira ndekha, poti woyamikira wina panalibe.

Tinawoloka mtsinje pa feri ya pa Woolwich, tambala ali phee mumdima mwake. Njira yonse ya ku Edmonton ndinkacheza naye. Ndinamuuza za mayi anga, za kuzizira, za Malamlungu amene ndinkangoyang'ana denga mpaka kuda. Kunena zoona, kupatula galasi lija, iyeyu ndiye anali woyamba kumva mavuto anga chibwerere.

Nditafika pa geti ya a Masamba ndinayesa kumasula chikwama. Ayi ndithu. Kamvula kanali katanyowetsa mfundo, zala zanga zitauma ndi chisanu, mpeni ndinalibe. Koma sindinadandaule. Paja mphatso sulowa nayo patsogolo ngati wogulitsa malonda. Umayamba malonje, nkhani zikapsa ndi pomwe umati, "Ndasiya kanthu panjapo." Ndinayedzeka njinga pa kampanda ka pansi pa windo lawo n'kugogoda.

Bambo Masamba anali munthu wamfupi, wa magalasi okhuthala. Anandipatsa nsonga za zala zokha. Malonje ake anali ngati a kupolisi: bambo ako ndani, fomu ya sikolashipu anakusainira ndani, kumudzi umalemberana ndi ndani. Ndinkayankha nditakhala kumapeto kwa sofa, mawondo pamodzi. Mayi anabweretsa tiyi, kamtsikana kaja kanandipatsa moni m'Chingerezi n'kuthawa. Nkhani zinkakana kupsa, ndiye ine ndinkangozengereza kutchula za mphatso.

Ndikukonza kukhosi kuti ndiyambe, chitseko chinagunda. Anali wapolisi. Anati aliyense atuluke msanga, kudzera khomo la kuseri, chifukwa neba wina waona katundu wokayikitsa kumaso kwa nyumbayo.

Bambo Masamba anatuwa. Anangoti, "Andipeza," kenako anatembenuza magalasi aja kuyang'ana ine.

Mwina mukuti ndinazindikira pomwepo. Ayi. M'mutu mwanga bomba ndi chinthu cha anthu oipa, ndipo ine panja ndinali nditasiya mphatso. Chimene ndinaona ndi mwayi woonetsa kuti sindine kapirikoni. Ndinanyamula kamtsikana kaja, ndinatenga jekete ya bambo, ndinawagwira mkono m'kanjira ka kuseri mpaka kumapeto kwa msewu, komwe apolisi anali atamanga tepi.

Kumeneko msewu wonse unali utasonkhana, ena m'masilipasi, ena atanyamula amphaka. Mayi wina wa ku Ireland ankagawa tiyi wa mufulasiki, ndipo anandipatsa kapu akunditchula kuti "love". Mkulu wina wa ku Jamaica anandifunsa dzina. Mulungu andikhululukire, ndinasangalala. Chibwerere mu London sindinakhalepo pakati pa anthu ondilankhula chonchi.

Chisangalalo chinandikwera m'mutu, pakamwa panatseguka.

"Bambo," ndinatero mokweza, "munthu amene wachita zimenezi ndi galu weniweni. Ndikanamugwira ine, ndikanamupotokola khosi ndi manja angawa."

Bambo Masamba anatembenukira kwa ine. Kenako anagwira dzanja langa, lonse tsopano, osati nsonga.

"Mwana wanga, ndinakuganizira zolakwika. Nyumba ija ndi yako."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Khomo linali litatseguka.

Ndi pomwe neba uja, amene anaimbira foni apolisi, anayamba kufotokozera anthu zomwe anaona. Anati ndi chikwama chakuda, chachikulu, chokulungidwa ndi mphira paliponse. Anati waya wofiira watulukira pa kabowo. Anati atayandikiza khutu anamva m'kati mukugunda, go, go, go. Ndipo anati chili pa handulo ya kanjinga kakale.

Tiyi uja anandiwawira m'kamwa. Ndinasuzumira pamwamba pa mitu ya anthu. Kutali uko, pakati pa msewu wopanda munthu, kanjinga kanga kanali katayedzamira mpanda kokhakokha, ndipo katswiri wina wa mabomba wovala zovala zolemera ngati matiresi ankakayandikira pang'onopang'ono. Dzanja langa linali likadali m'manja mwa bambo Masamba. Analifinya nati ndilimbe mtima.

Ndinapemphera kuti nthaka ing'ambike. Itakana, ndinapempha kuti tambalayo akhale chete, amutenge, akamuphulitsire kutali ine ndisakudziwa. Inde, mnzanga amene ndinamuuza zinsinsi zanga zonse pa msewu, ndinamugulitsa mosavuta.

Wapolisi anakweza dzanja kuti tonse tikhale chete. Msewu unati zii. Wa matiresi uja anagwada, natambasula kandodo, n'kutukula chivundikiro pang'ono. Kuwala kutangolowa, panatulukira lipombo lofiira, kenako mutu, kenako khosi lonse.

"Kokoliliko!"

Wa matiresi anakhala pansi m'madzi a mvula. Tambala anayang'ana uku ndi uku, naliranso kachiwiri kuti a dera loyandikana la Tottenham nawo amve.

Mkulu wa apolisi anatenga chimkuzamawu n'kufunsa mwini njingayo. Anafunsanso. Ndiye ndinakweza dzanja pang'onopang'ono, ndipo poti bambo Masamba anali asanalisiye, linakwera limodzi ndi lawo.

Za kundikalipira kwa apolisi sindifotokoza, chifukwa anali ndi chifukwa. Anandifunsa kuti bwanji sindinalowe nacho chikwama m'nyumba monga amachitira anthu onse, ine ndinati chinakana kumasuka. Anayesa okha, chinawakananso, mpaka anachita kudula malegeni anga ndi mpeni. Pamenepo pokha ndinanyadako pang'ono. Mayi wa fulasiki anabwera kudzatenga kapu yake osanena "love". Tambala anatengedwa ndi mayi wina wosamalira ziweto, amene anati akamupezera famu yabwino kunja kwa mzinda. Mnzanga anapeza pokhala ine ndikuona.

Anthu anabalalika, ndinatsala ndekha pa geti, chikwama chobooka m'manja. Bambo Masamba anali chiimire pakhomo. Ndinadziwa kuti zatha. Ndinayamba kuganiza za feri, za kachipinda kaja, za munthu wa pagalasi amene ankandidikira.

Ndikutembenuza njinga, anandiitana.

"Achimwene, paja munati mwini bombali mukamugwira mumutani?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, anavula magalasi, anaseka mpaka kugwira mpanda. Mayi Masamba anadzandiuza pambuyo pake kuti chichokere kumudzi anali asanawamvepo akuseka chonchija.

"Amayi," anakuwira m'nyumba akupukuta misozi, "onjezani mbale. Boma lija n'loipa, koma silingatume munthu wopusa chonchi."

Lolemba m'mawa ndinali pa shopu ya ku Greenwich, ndikugula kachitsulo kaja mwaulemu wonse.

Eni dera akakuuza kuti chikwama chimayenda ndi kachitsulo kake, gula, chifukwa nzeru za malegeni zimathera pa Chileka.