Maboti Aulemu a Bambo Likongwe

Mwambi uja wa nkhanga, ana inu, chiyambi chake n'chotere, ndipo wokayika akafunse eni ake.

Pa sukulu ina ya ukachenjede panali mphunzitsi wa zamakina, a Likongwe, munthu waulemu mpaka kutopetsa. Akagunda mpando ankaupepesa. Chaka chawo chomaliza pantchito analumbira kuti sapuma asanapambane mpikisano wa maboti oyenda okha, umene unali utawakana zaka zisanu ndi zinayi. Lamulo lake linali lakuti timaboti tiwiri topanda munthu tizithandizana kulondola nsomba yachitsulo yothamanga pansi pa damu.

Timaboti anapanga, tokongola zedi. Koma polemba malangizo m'kompyuta, mwambo unawagwira pakhosi. Anati iwo sangalere maboti amwano, omalimbirana njira ngati maminibasi. Wamng'ono azipatukira wamkulu basi. Akazi awo, a Nachuma, anafunsa kuti nanga wamkulu ndi uti, poti onse anabadwa tsiku limodzi.

"Akadziwana okha pamadzi, mayi," anatero bambowo.

Tsiku la mpikisano mluzu utalira, timaboti tija tinaimva nsomba nthawi imodzi, n'kuliyatsa liwiro. A Likongwe anayamba kale kukonza tayi. Koma titafika pampata wa mabango, kamodzi kanaima n'kubwerera pang'ono kuti kanzake kadutse. Kanzakeko, kuopa kuoneka kosaleredwa, nako kanabwerera. Pakompyuta pankangobwera uthenga umodzi kuchokera mbali zonse ziwiri: tsogolani, achimwene. Kubwerera, kubwerera, mpaka tonse tiwiri tinakakwera pamchenga cham'mbuyo, pamapazi penipeni pa mwini wake.

Apo n'kuti timaboti ta mayi wina wa sukulu ina, timene anatipaka mawangamawanga n'kumatitcha nkhanga, titaizinga kale nsombayo, kena kumanja, kena kumanzere.

Mayo, a Likongwe mtima unawapweteka, misozi ili lengelenge, paja chaka china panalibenso. Komabe anavula chipewa, anthu akuseka choncho, n'kupita kukayamikira mayiyo. Anafunsa monong'ona kuti nkhanga zakezo zinadziwa bwanji yotsogola popanda kukangana.

Mayiyo anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, anu aja ndi ana oleredwa bwino, palibe amene angatsutse. Koma kufunsana ukulu muli kale pamadzi n'kuchedwa. Nkhanga zinapangana kusanapse."