Nyimbo imene ndinaimba pa depoti ya Balaka

Pa depoti ya Balaka sindidutsanso masiku ano. Amayi ogulitsa nthochi paja amandidziwa, ndipo akangondiona amayamba kung'ung'udza kanyimbo kena. Ndikuuzani mmene zinayendera, ofuna kuseka aseke. Nanenso ndimaseka, kungoti misozi sichedwa kubwera pambuyo pake.

Mwana wanga Limbani anamwalirira ku Joni. Thupi linabwera pa galimoto, tinakamuika kwathu kufupi ndi Nayuchi. Mkazi wake, yemwe ndi wa komweko, sanabwere nawo chifukwa mapepala anali asanatuluke, ndipo ine ndinali ndisanamuonepo. Limbani anasiya mwana mmodzi, Thandi, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Patatha chaka uthenga unafika wakuti awiriwo akubwera kudzaona manda, ndikawachingamire ku Balaka.

Ndinakondwera, kenako mantha anandigwira. Anati mwanayo amalankhula Chingerezi ndi chilankhulo cha amayi ake basi. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 3 (ndipo nako kumeneko ndinkangoperekeza anzanga). Ndinkaganiza kuti akadzandipeza ndili duu ngati chitsa, adzabwerera kwawo osandidziwa, sadzabweranso. Ndiye kuti Limbani ndidzakhala ndamuika kawiri.

M'sutikesi yake yakale ndinapezamo kope la Chingerezi la ku sekondale. Ndinapita nalo kwa abiti Saidi, aphunzitsi opuma amene tinayandikana nyumba.

"Ndipezereni mawu onena kuti ndabwera kudzakutengani," ndinatero.

Anatsegula masamba, kenako anaima. "Amake Limbani, mwana wanu analemba kale. Mawu ake ndi awa: piki apu."

"Iyayi, ine galimoto ndilibe."

"Si galimoto, mvetserani." Anawerenga ndi chala pa mzere. Mawu amodzi omwewo akuti ndi kutola chinthu pansi. Ndi kunyamula mwana. Ndi kukatenga munthu pa depoti, kuyankha foni, kupeza bwino utadwala, ngakhalenso kuphunzira chilankhulo pongomvera eni ake. Pansi pa tanthauzo lililonse Limbani analemba mawu ena ofanana nalo, ndi chiganizo chachitsanzo.

"Azunguwa mawu anawathera?" ndinafunsa.

"Inu musavutike nazo. Yanu ndi nambala yachitatu yokha."

Ndinayang'ana zilembo zija, zopendekeka ngati mapira a mphepo, mmene ankalembera mwana wanga. Kusiya mizere isanu n'kutengapo umodzi kunandikanika. Ndinati, "Ndiphunzitseni tsamba lonse."

Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje. Ine chinthu kuti chikhale m'mutu ndimachiika m'nyimbo, monga timachitira ku kwaya ya amayi. Ndipo chaka chimenecho m'mutu mwanga munali nyimbo imodzi yokha, ya kutchalitchi ija tinaimba pomutsitsira Limbani m'manda. Chingerezi chonse cha pa tsambalo ndinachiveka nyimbo imeneyo. Ndinkaimba popalira nandolo, ndinkaimba poyanika matemba. Mbuzi zanga zinamva kambirimbiri (sizinadandaulepo).

Kutatsala tsiku limodzi abiti Saidi anandiyesa. "Yambirani pa nambala yachitatu."

Ndinatsegula pakamwa, palibe chinatuluka. Nyimbo siyambira pakati.

"Mama ine," anatero, atagwira tsaya. "Mulungu akutsogolereni."

Ndinakwera sitima pa Nayuchi ndi dengu la milamba yowamba. Chithunzi cha alendo anga ndinachiona kamodzi pa foni ya abiti Saidi, kankhope ngati nyemba. Chimene ndinasunga n'chakuti mwanayo adzavala jekete yofiira.

Nditafika ku Balaka ndinakadikira pa depoti. Basi itaima, munatsika mayi wamtali wa magalasi akuda, atagwira dzanja kamtsikana ka jekete yofiira. Kamtsikanako kankalira, tsaya litatupa. Mumtima ndinati, akulira bambo ake. Ndinatula dengu, ndinagwada pafumbi pomwepo monga ayenera kulandiridwira mpongozi wobwera koyamba, ndipo ndinayamba.

Pa nambala yoyamba mayi uja anabwerera m'mbuyo pang'ono. Pa yachiwiri amayi a nthochi anali atamva kale kuti iyi ndi nyimbo ya maliro. Mawu sanawamve, koma nyimbo ankaidziwa, ndipo kwathu kuno wolira sasiyidwa yekha. Anasiya malonda, anabwera n'kuyamba kupolokoza chapansipansi. Wa kabaza wina anavula chipewa. Nambala yachitatu, imene ndinabwerera, ndinaidutsa osaizindikira n'komwe.

Pa yachisanu mawu anandithera. Abiti Saidi anali atandimasulira chitsanzo chimene Limbani analemba pamenepo: amayi anga anadwala koma tsopano akupeza bwino. Chinali chaka chimene ndinagona ndi chibayo, iye n'kumanditungira madzi asanapite kusukulu. Ndinalira zenizeni, ndili chigwadire, dzuwa lili paliwombo.

Mayi uja anavula magalasi. "Pepani amayi, wamwalira ndani?" anafunsa m'Chichewa chabwinobwino. "Ifetu ndife a kwa Phalula. Tikuchokera kozulitsa dzino."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, ena n'kumamukalipira. Wa kabaza uja anabwezera chipewa kumutu pang'onopang'ono. Ndikanatha kulowa m'dengu pamodzi ndi milamba ndikanalowa.

Ndili choncho, wina anandikoka chitenje. Kunali kamtsikana kena, jekete yofiira katamanga m'chiuno chifukwa cha kutentha. Makutu aja otambalala sindinafunse kuti ndi a ndani.

"Agogo," kanatero, lilime likulemera. "Ndatopa. Ndinyamuleni."

Pambuyo pake panaima mayi wamfupi ndi zikwama ziwiri, misozi ikuyenderera. Anasakasaka mawu, kenako anati, "Nyimbo. Limbani. Kutsuka mbale." Anasonyeza ndi manja. Ndinamva. Mwana wanga ankaing'ung'udza nyimbo imeneyo ku Joni akamatsuka mbale, ndipo iwo anandizindikira nayo ali tsidya lina la depoti. Chichewa chochepacho anawaphunzitsanso ndi iye. Ine sindinadziwe, sanandiuzepo.

Ndinamunyamula Thandi. Anali wolemera, msana unandiwawa masiku atatu, koma sindinamutsitse mpaka pa siteshoni.

Anakhala sabata imodzi. Kumanda tinapita atatu. Pochoka ndinathothola tsamba lija m'kope n'kumupatsa mwanayo. Ine ndinali nalo kale m'mutu. Tsopano Lamlungu lililonse, tikaweruka kutchalitchi, foni ya abiti Saidi imalira, ndipo kamawu kamati, "Agogo, imbani." Ndimaimba kuyambira nambala yoyamba. Iye amaseka katchulidwe kanga. Pa nambala yachisanu ndimapumirabe kaye, ndipo amandidikira.

Abiti Saidi akuti phunziro lake n'lakuti munthu uzifunsa dzina usanagwade. Ndavomera. Koma kope lija masamba akadalipo ambiri, onse m'zilembo za Limbani, ndipo akuti Thandi adzabweranso pa Khirisimasi. Ndayamba kale tsamba lachiwiri. Lili ndi manambala asanu ndi anayi.