Lilime la a Bonifasi ndi galimoto yosalira

Mu Zingwangwa monse munalibe wosadziwa kuti a Bonifasi ankayeza batire ndi lilime. Ee, lilime lomweli. Anali mlongo wanga, ndipo amene akuti mutu wawo sunkayenda bwino abwere adzanene pamaso panga.

Anali ndi kashopu kotchajira mabatire kuseri kwa msika. Munthu akabweretsa batire, ankalumikiza timawaya tiwiri nkutigunditsa palilime, atatsinzina ngati mayi wolawa ndiwo. "Iyi yakolera." Kapena, "Iyi yasukuluka, bambo, ngati tiyi wa pamaliro." Wina atawapatsa mita yoyezera, anaikhoma pakhoma nkumapachikapo chipewa.

Lilimelo linatchuka zenizeni mu 2016, pa ukwati wa mdzukulu wanga Petronela. Akuchimuna anadzitama kuti mkwatibwi akwera galimoto ya a Marko, malume ake a mkwati, ija amati hayibulidi, yoyendera petulo ndi magetsi. Dzulo lake a Marko analiza wailesi ya m'galimotomo tsiku lonse kuti anthu aidziwe. M'mawa mwake galimoto inangoti zii. Pomwe wansembe anali atanenetsa kuti ikakwana naini koloko tisanafike, adalitsa ukwati wina.

"Kankhani, ilira pamtsetse!" anakuwa a Marko.

Amuna khumi a masuti anakankha mpaka wina thalauza linang'ambika. Galimoto osasuntha ngakhale pang'ono. Petronela anayamba kulira m'velo.

A Bonifasi anatulukira atavala suti, akukankha wilibala, batire ili m'menemo.

"Achimwene, iyi si minibasi," anatero a Marko. "Imayendera kompyuta."

"Kompyutayo imadya chiyani?"

"Magetsi."

"Ndiye ndi kasitomala wanga. Tsegulani boneti."

Atasuzumira, batire panalibe. Panali mawaya onenepa a mtundu wa lalanje.

"Lawani amenewo!" anatero mperekezi wina.

"Iwe, ndine wolawa, sindine chitsiru. Awa ndi a batire yaikulu yoyendetsa matayala. Ndikalawa, mpunga mwaphikawu mudyera pamaliro anga. Pali kena kakang'ono kodzutsa galimoto, ndiko kagona."

Kakang'onoko kanali kubuti, ndipo buti nalo silinkatseguka popanda magetsi. Mlongo wanga, wa zaka sikisite, anakwawa pamwamba pa mipando mpaka kunja kunangotsala mapazi. Masokosi awo obooka, akuchimuna onse anawaona. Ine ndinangoima patsogolo pake nditatambasula chitenje.

"Yasukuluka!" mawu anamveka m'katimo. "Bola madzi otsukira mpunga!"

Anatsegula buti cha m'kati, nkulumikiza batire yawo: waya wofiira kwa wofiira mnzake, wakuda kuchitsulo. Tinadikira, maso pa wotchi. Kenaka a Marko anadina batani, timagetsi tinayaka, koma injini osalira.

Azimayi akuchimuna anayamba kuseka. "Nanga ndi ameneyu katswiri wa akuchikazi? Itanani kabaza mkwatibwi akwere njinga!"

A Bonifasi anachotsa batire yawo, nkulawa ya galimoto ija kachiwiri. Anadumpha, mutu gu! pachitseko cha buti, misozi mbwee.

"Yakolera! Yaikulu yayamba kudyetsa yaing'ono. Ikani giya, a Marko!"

Galimoto inanyamuka mwakachetechete ngati mphaka, moti nkhuku ya aneba athu a Mwantumu inapulumuka mwamwayi. Nthungululu zanga zinamveka mpaka ku Soche. Tinalowa m'tchalitchi wansembe akutseka kale buku, ndipo anatsegulanso.

Kumadyerero, a Bonifasi anadandaula kuti keke ilibe shuga, nkhuku ilibe mchere. Lilime linali litachita dzanzi, ndipo linatha masiku atatu lili choncho. A Marko anawapatsa mpando wapatsogolo, nkumawatchula "adokotala" kuyambira tsikulo.

Anatisiya mu 2019, atadwala sabata imodzi yokha. Galimoto yomwe ija ndi imene inatsogolera maliro, ikuyenda pang'onopang'ono, kumangomveka mapazi a anthu ndi nyimbo.

Kashopu kaja pano nkometera. Otchaja mabatire alipo, ali ndi mamita, amakuuza manambala iwe nkugwedeza mutu osamva kanthu. Timawaya tija ndinatisunga m'chikwama changa cha kutchalitchi, pamodzi ndi kolona.

Zingwangwa akuyendabe, sindikana. Koma akuyenda ngati galimoto ya a Marko: magetsi akuyaka, matayala akuzungulira, kulira ayi.