Mtembo wa filimu yanga

Lolemba

Miyezi isanu ndi itatu chimalizireni koleji, kalata ya ntchito zii. Atate amangoyang'ana manja anga osalala, kenaka khasu, basi.

Ndikuonera kakhumi filimu ina yakale ya pafoni. Chipinda chimodzi, nyali imodzi, anthu asanu, mtembo pansi. Nsalu yomwe ili pawindo ndi yomwenso afundika wakufayo. Ukayang'anitsitsa, mtembowo ukupuma! Komabe mpaka kumapeto sudziwa wapha ndani. Umphawi wotere ndikuudziwa, ndi wakwathu kuno ku Chiparamba. Nanga ine ndalephera chiyani? Ndijambula yanga, Loweruka ndiwaonetse atate kuti thonje lawo lolipirira sukulu yanga silinapite pachabe.

Zofunika: foni (ilipo, galasi long'aluka), nsalu yoyera, wapolisi, wakupha, mtembo.

Lachiwiri

Apolisi apezeka asanu ndi mmodzi, onse a m'kwaya. Mtembo palibe.

Esinati, mlongo wanga: "Ndigone ngati ndafa? Alongo, malodza amenewo kayeseni kwa ena."

A katekisiti: "Imfa saisewera, ili ndi makutu."

Ndikuwafotokozera kuti ndi luso chabe. Akundiyang'ana mwachisoni, monga ayang'anira munthu amene sukulu inamuwononga.

Lachitatu

Wakupha wapezeka! Azakhali a Tereza, ogulitsa vitumbuwa pachigayo, avomera kukhala wothira mankhwala m'tiyi. Akusangalala, mpaka kufunsa ngati avale duku latsopano.

Masana nkhani yafika pachigayo. Madzulo azakhali akubwerera ndi beseni lodzaza, palibe wagulako ngakhale chimodzi. "Mwana wa mlongo wanga, dzina la ufiti silichoka ndi sopo. Ndasiya."

Tikudya vitumbuwa banja lonse.

Lachinayi

Mvula tsiku lonse. Ndikulembanso nkhani: wakupha saoneka n'komwe. Apolisi anayi athawira kopalira.

Mtembo ndikhala ine. Nanga ndani? Kugona osachita kanthu ndili nako ukatswiri, atate angachitire umboni.

Lachisanu

Onse ali kumunda. Foni yatsamira njerwa, ikujambula. Ine pamphasa pabalaza, nsalu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndikudikira apolisi awiri otsala. Achedwa. Tulo!

Ndikudzidzimuka ndi maliro. Amai Banda oyandikana nafe anabwera kudzapempha mchere. Osavundukula nsalu, aimba kale foni kwa amalume ku Kasenengwa. Pabwalo padzaza anthu. Ndikudzuka kuti ndifotokoze, ndiye zaipiratu. Zowonongeka: mpanda wa udzu, mtsuko umodzi, bondo la Amai Banda.

Amama akundikumbatira, kenaka akundimenya ndi patapata. Zonse ziwiri n'zoona.

Loweruka

Amalume afika panjinga ndi nkhuku ya pamaliro. Uthenga wachiwiri sunawapeze. Nkhuku akuti abwerera nayo.

Ndikumva kuti dzulo, ndili chigonere, anthu anali atamupeza kale wakupha: azakhali. M'filimu yakale ija kufufuza kumatenga ola lathunthu. Kuno sitichedwa choncho. Azakhali sakuyankha moni wanga.

Atate: "Paja unati lero. Tayatsa tione."

Tikuonera awiri. Nsalu yoyera ikuliza mkonono pang'ono, kenaka zii. Nkhuku ikudutsa. Amai Banda ndi kambale kawo ka mchere. Kenaka atate akulowa, matope mpaka m'mawondo, khasu likadali m'manja. Akugwada, akugwira phazi langa pamwamba pa nsalu. "Mwana wanga, kalata ija ikadabwera ndithu. Bwanji osadikira?"

Zimenezi sindinazimve dzulo. Ndinali m'tulo.

Atate akubweza foni, akutsokomola, akutuluka kukaona ng'ombe zimene zili bwinobwino.

Lamlungu

Ku Misa anthu akundisiyira benchi lonse. A katekisiti akundipatsa moni wa Lazaro. Apolisi anga awiri akufunsa kuti kodi tijambula liti. Kwa azakhali ndapita kukapepesa, ndadya chitumbuwa pamaso pa anthu onse a pachigayo. Ndikadali moyo, koma ogula sanabwerere.

Ndaoneranso filimu yakale ija. Tsopano ndazindikira kukoma kwake: mtembo uja palibe akuulira. Ulibe atate, ulibe amalume ku Kasenengwa. N'chifukwa chake munthu ungathe kuionera kakhumi. Yangayi sindinaifufute, koma kuionera kawiri sindingathe.

Pakhomo la chipinda changa ndapeza khasu. Mpini ndi watsopano, ausalaza bwino ndi galasi kuti usatupitse manja.

Mawa kumunda.